Bombinya Yakatondo

Ine anandiika m'manda ndili moyo, ndipo mwiniwakene ndinamva za maliro angawo patapita zaka zinayi. Musaseke, zinachitikadi.

Dzina langa ndine Amália, mwana wa aNambewe a ku Chidzolomondo. Ndinali pulofesora pa kashikola kaudzu kufupi ndi Tsangano, kuphunzitsa tiana tamamina kuwerenga um, dois, três. M'chaka cha oitenta e seis, 1986 kunena kwake, anthu a mfuti anafika masanasana nkutentha shikolayo. Masiku amenewo mphunzitsi akagwidwa sankafunsidwa dzina kawiri. Ndinaliyatsa liwiro osacheuka, kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, inakodwa pa minga nkutsala m'mbali mwa mtsinje, ine mpaka kudumpha malire kukagwera ku msasa wa othawa nkhondo, mbali ya ku Malawi. Munthu wina wachifundo anatola kapulanayo, naizindikira, nayenda nayo mpaka kwathu. Abale analira. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'kapulanamo nkuliika m'manda, monga timachitira mtembo ukasowa. Amayi anameta mpala.

Amene anandiuza zonsezi ndi bambo wina wa kwathu wogulitsa fodya wa chingambwe, yemwe anafika ku msasako mu noventa, 1990. Atandiona anagwetsa fodya wake pansi, kukamwa yasa. Nditamugwira mkono kuti aone kuti ndine wofunda, ndiye anamasuka. Anati mudzi wathu unapasuka kalekale. Mchimwene wanga Armando anthu a mfuti anamutenga kukanyamula katundu ndipo sanabwerere. Amayi ali moyo, koma maso anafa, akukhala m'kanyumba ka kumunda kuseri kwa phiri ndi mkazi wa Armando, dzina lake Emília, amene ine ndinali ndisanamuonepo. Ndipo anawonjezera, akuyang'ana pansi, kuti miyendo ya amayi yayamba kutupa.

Tsiku lomwelo ndinadziwa chimene ndikufuna. Ndinkafuna amayi anditchule dzina asanafe, basi.

Koma panali chifuwa. Ine ndinabadwa ndi mphumu. Ndili mwana, nyengo ya chisanu ikafika kapena wina akasesa pabwalo, m'chifuwa mwanga munkalira tswii, tswii, ndipo amayi ankati ndinameza kamphaka. Ankandikhazika pa miyendo yawo, khutu lawo pamsana panga, nkumandifukiza masamba a bulugamu uku akukakalipira kamphakako kuti kagone. Ku msasa kuja kamphakako kanakula kukhala chimphaka. Fumbi, utsi wa mbaula zikwizikwi, mphepo ya ku mapiri yolasa ngati singano. Kawiri konse anandinyamula pa machira kupita nane ku chipatala cha msasa milomo itada.

Kumeneko kunali enfermeiro wina, namwino kunena kwake, wothawa nkhondo ngati ife, aBento a ku Furancungo, munthu wamfupi, wadazi, wokonda kunyogodola odwala. Iwowa ndi amene anandipatsa timabotolo tiwiri tachitsulo topopera m'kamwa, timene ankatitcha bombinya. Ina inali ya azulu, mtundu wa kumwamba. Ina inali yofiirira ngati dothi la katondo.

"Pulofesora, tcherani khutu, chifukwa aphunzitsi ndinu ovuta kuphunzitsa," anatero aBento. "Ya azuluyi ndi yothamangitsira anyani akalowa m'munda. Chifuwa chikagwira, popani. Yakatondoyi ndi khasu lopalira. Siithamangitsa kanthu lero, koma mukamapalira tsiku ndi tsiku, thengo silimera. Duas de manhã, duas à tarde. Kawiri m'mawa, kawiri madzulo, kaya mukudwala kaya muli bwino. Osachepetsa, osawonjezera. Mukatha chukuchani m'kamwa ndi madzi nkulavula. Mwamva?"

"Ndamva, senhor enfermeiro."

"Kulavula, osati kumeza."

"Ndati ndamva! Mukundiyesa wa primeira classe?"

Patatha milungu itatu ndinadzuka tsiku lina nkumva chinthu chachilendo. M'chifuwa munali zii. Chibadwire ndinali ndisanapumepo mopanda phokoso. Ndinakhala pa mphasa nkumangopuma, kulowetsa, kutulutsa, ngati munthu wolawa uchi koyamba.

Tsono apa ndi pamene nzeru za uphunzitsi zinandipusitsa. Nditamva za amayi, ndinayamba kuganiza ngati mlimi. Kuchokera ku malire kukafika kwathu ndi masiku anayi a mapiri. Ulendo wautali umafuna kamba wambiri, ndipo mbatata yothira manyowa ambiri ndi imene imabereka. Ngati kawiri kanagoneka kamphaka, kanayi sikangakaphe? Ndinayamba kupopa kanayi m'mawa, kanayi madzulo. Mtima ukagunda ndi mantha, ndinkawonjezera kawiri ka masana. Ndinanamiza aBento kuti ina yagwera m'chimbudzi, nandipatsa ina. Za kuchukucha ndiye ndinaziiwala dala. Madzi a ku msasa tinkawaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu kuti tipeze chitini chimodzi. Madzi oterowo munthu nkuwaika m'kamwa nkuwalavulira pansi anthu akuona? Ndinaona ngati chipongwe.

Mwezi usanathe mawu anayamba kusasa. Kenako m'kamwa munatuluka zoyerayera ngati mkaka wowundana, mchere ukakhudza ndinkachita kulumpha. ABento atandimva ndikupereka moni anaika cholembera pansi.

"Mawu mwasiya kuti?"

"Ndi chimfine."

"Chimfine cha kuti? Yasamulani." Anasuzumira ndi katochi, napukusa dazi lawo. "Mukupopa kangati?"

Ndinayang'ana kudenga.

"Ndinadziwa ine! Mankhwala awa akachuluka amatsalira pakhosi, amafooketsa mawu, amameretsa zoyerazi. Bwererani pa kawiri, chukuchani, zitha zokha pang'onopang'ono. Koma musakachite ukali nkusiyiratu, mwamva? Mukasiya, chifuwa chidzabwera ndi abale ake."

Anandipaka m'kamwa mankhwala a violeta mpaka ndinaoneka ngati ndadya nthudza. Ndinawauza za ulendo wanga. Anandikalipira, kenako anandipatsa zakatondo zitatu ndi ya azulu imodzi, nati zikwana miyezi isanu ngati ndili ndi nzeru. Nzeruzo ndinalibe. Pa njira monse, tikuyenda pa mzere kumbuyo kwa bambo wa fodya uja, aliyense kuponda pomwe waponda mnzake poopa mabomba okwirira, ine ndinali kupopa ngati ndikupopa tayala la njinga. Madzi a m'mbali mwa njira sitinkawakhulupirira, ndipo a m'chigubu anali akumwa.

Bambo wa fodya anandilozera phiri lija nkupitirira ulendo wake. Ndinafika dzuwa litapendeka. Kanyumba kamodzi, nkhokwe yopendama, khola la mbuzi lopanda mbuzi. Pa mphasa panali kamayi kakang'ono, kouma, kakutongola chimanga m'lichero, nkhope italoza kumwamba monga amachitira akhungu. Ndinawadziwa ndi zala zawo. Masiku anayi ndinali ndikukonza mawu oti ndidzanene, koma onse anathawa, panangotsala amodzi.

"Amayi."

Chimene chinatuluka pakhosi panga, abale inu, sichinali changa. Chinali chibesi chokhakhala ngati cha mwamuna wogonera kachasu.

Zala zija zinaima. "Ndani bambo ameneyo?"

"Si bambo, amayi. Ndine Amália."

"Emília!" anakuwa. "Emília, tabwera, kwafikanso wina!"

Kuseri kwa nyumba kunatuluka mkazi wamtali, wamaso ofiira ndi utsi, mpeni uli m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Maso ake anaima pa milomo yanga ya violeta ndi zoyera za m'mphepete mwake, nabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

Ndinagwada. Ndinanena zonse zimene ndinkakumbukira: dzina la malemu abambo, mbuzi yathu yamiyendo itatu imene tinkaitcha Sinjala, chipsera cha pa bondo chimene ndinadzitema ndi chikwakwa. Amayi anayambanso kutongola chimanga chawo.

"Chaka chatha kunabwera wina," anatero. "Nayenso ankaidziwa Sinjala. Mudzi wonse unkaidziwa Sinjala. Anati ndi mnzake wa mwana wanga, tinamusunga sabata, anatidyera nyemba za mbewu nkusowa. Mwana wanga ine ankaimba Gloria m'tchalitchi, anthu tsidya la dambo nkuleka kulima. Iwe ndi mawu a chule akowo ukuti ndiwe iyeyo?"

"Ndi mankhwala, amayi. Andiwononga pakhosi."

"Sendera kuno."

Ndinasendera. Anandipapasa kumaso, mofulumira, ngati akusankha dzungu. "Wanga anali ndi masaya." Kenako anandigwira paphewa. "Khala chete. Usalankhule."

Ndinakhala chete. Anapendeketsa mutu, namvetsera nthawi yaitali, sindinadziwe kuti akumvetsera chiyani. Kunkangomveka njiwa kuphiri. Potsiriza anandikankha pang'ono.

"Ayi. Si iwe. Wanga ndinamuika ndekha."

Ndikanakonda akanandimenya ndi mtibu.

Sanandithamangitse, poti kwathu mlendo sapirikitsidwa dzuwa likulowa, ndiponso Emília ankafuna manja ena pa ntchito ya nyemba. Anandipatsa khola la mbuzi lija kuti ndizigonamo. Anandipatsanso chikho changachanga chong'aluka, nachipachika pa mtengo kutali ndi zinzake, chifukwa masiku amenewo kunali kutamveka za matenda atsopano oyamba ndi zoyera m'kamwa. Sindinamudandaule Emília. Mwamuna wake anapita, iye anatsala ndi mpongozi wakhungu pakati pa thengo, akanakhulupirira bwanji munthu wotulukira kuphiri? Koma zinkandipweteka. Ndinkadya ndekha, kuseri, ndikumva amayi anga akutafuna mbali inayo ya khoma. Akafuna kanthu ankaitana kuti, "Iwe wa ku msasa!"

Lamulungu loyamba Emília anapita kukasaka ndiwo, ndipo amayi anandiitana.

"Iwe wa ku msasa, ndigwire mkono. Ndikaone mwana wanga."

Ndinawatsogolera. Manda anali pansi pa mtengo wa msuku, kamtumbira kakang'ono ndi mtanda wa nsungwi. Wina anali atalembapo ndi msomali wamoto, AMALIA, A womaliza atapendama. Amayi anagwada movutikira ndi miyendo yawo yotupayo, nayamba kuzula udzu mopapasa.

"Amália, ndabwera," anauza dothi. "Kukuzizira chaka chino, kaya uko wafunda. Nyemba zachita bwino. Za Armando kulibe. Kunyumba kwabwera mkazi wina wa mawu a chimuna, akuti ndi iweyo. Usakwiye naye, nkhondoyi yasokoneza anthu mitu. Ntchito amagwira, nkhuni amadziwa kuwaza. Koma ine sindichedwa, mwana wanga. Mvula ya chaka chino idzandipeza ndili kwa iwe."

Ine ndili chiimire pambali pawo, dzanja lawo lina litagwira chitenje changa kuti asagwe. Ndinalira, koma ngakhale kulirako kunatuluka kokhakhala, ndipo iwo anati, "Pepa, nawenso uli ndi ako amene unataya."

Tsiku limenelo ndinalumbira. Ngati chimene chaima pakati pa ine ndi amayi ndi mawu, mawuwo abwerere. ABento anati ndibwerere pa kawiri, zitha pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono wa chiyani, munthu miyendo ikutupa kufika m'mawondo? Ndinatenga zakatondo zonse, ndi ya azulu yomwe, ndinazikulunga m'kansanza nkuzitsomeka mu udzu wa denga la khola. Mawu a aBento aja, oti chidzabwera ndi abale ake, ndinawamva bwinobwino m'mutu. Ndinawayankha kuti abwere, ndiwaphikira.

Masiku oyamba zinayenda. Zoyera zija zinayamba kufufutika. M'mawa uliwonse ndikapita kukatunga madzi ndinkayesa mawu kumtsinje, ndekhandekha, ngati tambala wamng'ono wophunzira kulira. Tsiku lachisanu, chule. Tsiku lachisanu ndi chitatu, chule yemwe wamwa tiyi. Tsiku la khumi ndi chiwiri ndinakweza Gloria mpaka pakati, mawu nkuthyoka. Ndinavina ndekha pa mwala. Ndinati Lamulungu likudzali ndidzawaimbira pa manda pomwe paja, tione ngati adzanditchenso wa ku msasa.

Koma pokwera chitunda ndi ndowa pamutu ndinayamba kuima kawiri, kenako katatu. M'chifuwa munkakhala ngati wina wamangamo luzi nkumalikoka pang'ono tsiku lililonse. Ndikafika pafupi ndi nyumba ndinkaima kuseri kwa nkhokwe mpaka befu atatha, kuti Emília asaone kuti ndikudwala nkundithamangitsa. Pafupi ndi amayi ndinkapuma mobisa, pang'onopang'ono, kukamwa kuli kotseka. Taonani uchitsiru wake.

Loweruka linali tsiku lopuntha nyemba. Kunacha ndi chisanu choluma, mphepo ikuchokera kuphiri. Tinayala nyemba zouma pabwalo, ine ndi Emília aliyense ndi ndodo yake, amayi ali pa mphasa yawo chapafupi akuwothera dzuwa. Phu! Phu! Fumbi la makoko linakwera ngati utsi. Ndinamenya kakhumi, kakhumi ndi kasanu. Ndinatsokomola. Ndinamenyanso. Kenako luzi lija linakokedwa lonse kamodzi.

Ndodo inagwa. Ndinafuna kuthamangira ku khola koma miyendo inakana, ndinangogwada pomwepo, manja pansi, masitepe atatu kuchokera pa mphasa. Mpweya unkalowa ngati ukudutsa m'kabowo ka udzu, potuluka ndiye unkakaniratu. Ndipo abale ake aja anafika onse. Tswiii. Tswiii. Chifuwa chonse chinali kulira, panalibenso zobisa.

"Iwe, dzuka, watani?" anatero Emília, ndodo ili m'mwamba.

"Emília, leka!" Anali amayi. "Leka phokoso!"

Bwalo linati zii, kupatula ine. Ndinawaona ndi maso olowa chifunga. Anali atapendeketsa mutu monga tsiku lija ndinafika. Lichero linagwa pa miyendo yawo.

"Kamphaka," ananong'ona.

Anakwawa. Mayi wokalamba, wakhungu, miyendo ngati mitondo, anakwawa pa makoko a nyemba mpaka anandigunda. Anandipapasa msana, nagoneka khutu lawo pansi pa phewa lamanzere, malo ake omwe aja. Anamvetsera kupuma kumodzi, kuwiri.

"Mayo ine! Amália! Amália, mwana wanga, mwana wa ine!"

Anakuwa mpaka phiri linayankha. Anandikokera pa miyendo yawo, nandiweramitsa kutsogolo, zigongono pa mawondo, monga ankachitira ndili ndi zaka zisanu. "Emília, bulugamu! Ika madzi pamoto! Gona iwe kamphaka, gona, wamuyamba liti mwana wanga, gona!"

Ndinamva dzina langa, koma ndinalibe mpweya woyankhira. Ndinaona kuti ndifa pomwepo, pa miyendo yawo, ndipo mbali ina ya mtima inati zilibe kanthu. Koma mbali ina inakwiya. Kuyenda masiku anayi kudzafera pa nyemba? Ndinagwira mwendo wa Emília, ndinaloza khola.

"Denga," ndinatero. "Azulu."

Emília anathamanga. Anabwera ndi kansanza konse, natsanulira pansi. Anandipatsa yakatondo. Ndinaikankha. Anandipatsa ya azulu, nandigwirizira dzanja poti langa linkalephera kudina. Kamodzi. Ndinadikira. Kawiri. Patapita nthawi, kenanso. Pang'onopang'ono luzi linayamba kumasuka, ndipo dzuwa linabwerera mtundu wake.

Amayi sanandisiye. Khutu linali pamsana pomwepo mpaka mluzu unatsika. Kenako anayamba kundipapasa kumaso, tsopano mosafulumira, mphumi, zikope, makutu, akulira mopanda mawu.

"Masaya anapita kuti?"

"Anatsala ku msasa, amayi."

"Nanga tsiku lija unafika, kamphaka kanali kuti? Ndinamvetsera, ndinamvetsera, munali zii ngati m'chifuwa cha munthu wina. Ndinati wanga sapuma chonchi."

Apa ndi pamene ndinazindikira chimene ankamvetsera. Ine masabata awiri kuvutika ndi Gloria kumtsinje! Ndinawafotokozera zonse, ndikupumira pakati: za aBento, za khasu ndi anyani, za kanayi m'malo mwa kawiri, za madzi amene ndinkaumira, za denga la khola. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandimenya khofi pa ntchafu, lamphamvu ndithu.

"Ndiye unasiya mankhwala dala? Chitsiru cha mwana! Pulofesora wa chiyani iwe? Ndinakuika kamodzi, ukufuna ndikuikenso? Nthochi zinatha kuno!"

Emília anaseka, kenako anakhala pansi pa nyemba nkuyamba kulira, nayenso mpaka kusisima. Atatha anapita pa mtengo paja, anatenga chikho chong'aluka chija nkuchiponya kuthengo. Anabwera nagwada, nati, "Alamu, mundikhululukire." Kupatula amayi, aka kanali koyamba munthu kunditchula chibale pa zaka zinayi.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, amayi anati ndiwapatse yakatondo m'manja. Anaipapasa, anainunkhiza, anaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Anati kangati adokotala akowo?"

"Kawiri m'mawa, kawiri madzulo."

"Popa ndimve."

Ndinapopa. Fyuu.

"Kamodzi," anatero. Ndinagwira mpweya monga anandiphunzitsira aBento, ndinatulutsa, ndinapopanso. "Kawiri. Basi! Bweretsa kuno." Anailanda nkuimangirira pa mfundo ya chitenje chawo, pamene kale ankamangapo fodya wa mphuno. Kenako anandipatsa chikho chawo chomwe. "Chukucha. Lavula ndimve. Madzi ngosatha, mtsinje uli apo."

Kuyambira tsiku limenelo inakhala ntchito yawo. Munthu amene ankangokhala pa mphasa kudikira imfa anapeza udindo, ndipo anaugwira ngati sipayi, wapolisi wa atsamunda. Tambala akangolira, "Amália, bwera udzapope!" Dzuwa likapendeka, chimodzimodzi. Tsiku lina ndinayesa kuba kachitatu poti kunja kunali fumbi, anandigwira dzanja m'mwamba. Akhungu amamva, inu. Masabata atatu atapita anagoneka khutu pamsana panga, namvetsera nthawi yaitali.

"Kagona," anatero. Anandisisita msana. "Ndikasowa, koma kagone."

Mawu anabwerera, koma osati onse. Gloria ndinawaimbira, yotsika, yothyoka pamwamba. Anati kale ndinkaimba bwino, koma poti makutu awo nawonso akalamba, zikwanirana. Za manda aja ndinafunsa ngati tiwafafanize. Anakana. Anati dzenje lokumbakumba silitayidwa pa nthawi ya nkhondo pamene amuna okumba kulibe, tingozula mtandawo.

Anawerenga bombinya imodzi yathunthu ndi theka la yachiwiri. Mu Outubro, mitambo itayamba kusonkhana koma mvula isanagwe, anagona masana pa mphasa yawo ndipo sanadzuke. Tinaitana mabanja atatu amene ankabisala kuseri kwa phiri lomwelo. Tinafukula pansi pa msuku paja. Thunthu la nthochi linali litasanduka dothi, koma kapulana yanga inalipo, yodyekadyeka, maluwa ake achikasu akuonekabe. Tinawayala pa iyo. Ndinalira maliro ndi mawu amene ndinali nawo, ndipo Emília anati anamveka mpaka kumtsinje.

Posambitsa mtembo ndinali nditamasula bombinya ija pa mfundo ya chitenje chawo. M'mawa mwake tambala analira, ndipo palibe anandiitana. Emília anali atapita kale kukatunga madzi. Ndinakhala pa mphasa yawo, ndinatunga madzi m'chikho chawo nkuchiika pambali. Ndinagwedeza bombinya, ndinaika pakamwa, ndinapopa. Fyuu.

Ndinagwira mpweya, ndikudikira kuti wina anene kuti kamodzi. Ndinadikira mpaka m'chifuwa munayamba kuwawa.

"Kamodzi," ndinatero ndekha, nkupopanso kachiwiri.